Batire la lithium likamazima lokha pa boti la matanga: kupeza gwero la vuto ndi kulikonza

Vuto limene limabwerabwera kwa anthu amene achotsa mabatire a mtovu pa boti la matanga n'kuikapo a lithium ndi lakuti magetsi onse a m'boti amathima mwadzidzidzi. Batire la mtovu likamatha limachenjeza, chifukwa nyali zimayamba kuzilala, furiji imavutika kuyaka, ndipo munthu amapeza mpata woliza injini. La lithium silitero. Nyali zimawala bwinobwino mpaka mphindi yomaliza, kenako zonse zimathima kamodzinkamodzi, pamodzi ndi wailesi, autopilot (chipangizo chowongolera boti chokha) ndi nyali zodziwitsa zombo zina kuti muli pamenepo. Zinandichitikira usiku wina tili kutali ndi gombe, mphepo ikuwomba mwamphamvu, ndipo chimene ndimakumbukira kwambiri n'chakuti patangotsala pang'ono kuti mdima utigwere ndinali nditayang'ana mita ya batire, imene inkanena kuti mphamvu yotsala ndi 38 peresenti.

Chimene chimadula magetsi choncho ndi BMS, kachipangizo kamene kamayang'anira selo lililonse (chigawo cha m'kati mwa batire) n'kudula batire lonse selolo likafuna kupyola malire. Ambiri zikawachitikira amathamangira kunena kuti BMS ndi yowonongeka, ena mpaka amaganiza zoilambalala ndi waya, zimene ndi zoopsa kwambiri. Pa maboti amene ndakhala ndikuwaona, nthawi zambiri BMS imakhala kuti yagwira ntchito yake molondola, ndipo cholakwika chimakhala pa kalumikizidwe ka mawaya, pa manambala amene anaikidwa mu tchaja, kapena pa chipangizo chakale chimene chinasiyidwa monga chinalili pa nthawi ya mabatire a mtovu. Ntchito yanu ndi kupeza chimene BMS inaona pa mphindi imene inadula.

Mabatire a lithium amene amayenera pa boti ndi a mtundu wa LiFePO4, umene gulu la John Goodenough la ku University of Texas linaufotokoza m'chaka cha 1997, ndipo umakondedwa panyanja chifukwa sugwira moto msanga monga mitundu ina ya lithium imene ili m'mafoni ndi m'makompyuta. Selo limodzi limakhala ndi mavolti 3.2, ndipo maselo anayi olumikizidwa motsatana amapanga batire la mavolti 12.8. Malire a pamwamba a selo ndi mavolti 3.65, a pansi ndi pafupifupi 2.5. BMS siyang'ana chiwerengero cha batire lonse chokha ayi, imayang'ana selo lililonse palokha, ndipo selo limodzi likafika pa malire, batire lonse limatsekedwa ngakhale atatu enawo ali bwino. Musanamasule nati iliyonse, dzifunseni kuti magetsi anathima mukutani. Kodi munali mukutchaja, munali mutangoyatsa chinthu chokoka mphamvu yambiri, kapena kunali usiku zinthu zikungoyenda monga mwa masiku onse? Ngati BMS yanu imalumikizika ndi foni kapena ili ndi poonera, werengani mavolti a maselo onse anayi ndi uthenga wa cholakwika, ndipo muzilembe musanalidzutse batirelo, popeza pa ma BMS ena uthengawo umafufutika batire likangoyakanso.

Likazima usiku mita ikunena kuti mphamvu ilipo

Ili ndilo linali vuto langa, ndipo ndi limene ndimaliona kwambiri. Batire la LiFePO4 silisintha mavolti kwenikweni pamene likutha. Kuchokera pa 90 peresenti kutsika mpaka pafupifupi 20 peresenti limangokhala pakati pa mavolti 13.3 ndi 13.0, kotero kuti munthu sangadziwe mphamvu yotsala poyang'ana mavolti monga ankachitira ndi la mtovu. N'chifukwa chake timadalira mita yowerengera maampeya olowa ndi otuluka kudzera pa shunt, kachitsulo koyezera maampeya kamene kamaikidwa pa waya wa negetivi. Mita imeneyi imangochita masamu ophatikiza ndi kuchotsera, ndipo ikalakwitsa pang'ono lero, cholakwikacho chimaunjikana tsiku ndi tsiku mpaka pamene batire lidzadzadziratu n'kuiuza kuti iyambirenso pa 100 peresenti.

Kutacha ndinatsegula malo a mabatire n'kutsata mawaya ndi dzanja, ndipo ndinapeza kawaya kakuda katamangidwa pa negetivi ya batire penipeni, kumbuyo kwa shunt. Kanali ka zipangizo zing'onozing'ono zimene zimakhala zoyaka usana ndi usiku, zokoka pafupifupi theka la ampeya. Theka la ampeya kwa maola 24 ndi 12Ah pa tsiku (Ah ndi maampeya kuchulukitsa ndi maola). Tinali titatha masiku 9 batire lisanadzadze, ndiye kuti 108Ah zinatuluka mita osaziona, ndipo pa batire la 280Ah imeneyo ndiyo 38 peresenti imene mita inkandilonjeza. Lamulo lake ndi limodzi: pa negetivi ya batire pazimangidwa waya mmodzi yekha wopita ku shunt, ndipo zina zonse, kuphatikizapo tchaja, sola ndi waya wopita ku injini, zizimangidwa mbali ina ya shunt. Timawaya ta BMS toyezera maselo ndi tokhato tololedwa kukhala pa batire.

Mawaya akakhala kuti ali bwino, onani manambala a m'mitamo. Mita imadziika pa 100 peresenti ikaona zinthu ziwiri nthawi imodzi, zomwe ndi mavolti atafika pa nambala imene munaiuza ndi maampeya olowa atatsika kwambiri. Vuto limabwera ndi sola. Ngati nambala ya mavolti yaikidwa pansi, monga 13.2, ndiye kuti mtambo ukangophimba dzuwa maampeya amatsika pamene mavolti adakali pamwamba pa nambalayo, ndipo mita imalumpha kufika pa 100 batire lili pa theka. Ikani nambalayo motsikirapo ndi 0.2 kapena 0.3 pa mavolti amene tchaja imafikitsa batire, ndipo maampeya otsirizira akhale 2 mpaka 4 peresenti ya kukula kwa batire. Musaiwalenso kusintha nambala ya Peukert, imene imauza mita mmene mphamvu ya batire imachepera likamakokedwa kwambiri, kuti ikhale pafupifupi 1.05 ndi ya kubweza kwa tchaji kuti ikhale 99 peresenti, chifukwa zimene mita imabwera nazo ndi za mtovu.

Palinso chipangizo china chimene anthu amachiiwala, chomwe ndi relay, swichi yolumikiza yokha batire lopatsa magetsi zinthu za m'boti ndi loliza injini. Inapangidwa kuti izilumikiza mabatire awiriwo ikaona mavolti pafupifupi 13.3, poganiza kuti tchaja yayamba kugwira ntchito, n'kuwalekanitsa mavolti akatsika kufika pafupifupi 12.8. Batire la lithium limakhala pamwamba pa 12.8 pafupifupi nthawi zonse, motero relay ija imakhalabe yolumikiza usiku wonse, ndipo lithium imangotsanulira mphamvu yake mu batire la mtovu. Ichotseni, ilibe malo pa boti la lithium.

Likazima pamene mukutchaja

Apa chifukwa chake chimakhala kusiyana kwa maselo. Tiyerekeze kuti maselo atatu ali pa mavolti 3.42 ndipo lachinayi lafika kale pa 3.65. Mukaphatikiza mupeza 13.91. Tchaja imene yauzidwa kufikitsa batire pa 14.4 ikuona kuti ntchito idakalipo ndipo ikupitiriza kukankha, pamene BMS ikuona selo limodzi lili pa malire, ndiye imadula. Kusiyana kumeneku sikuoneka batire lili pakatikati, chifukwa pamenepo maselo onse amaonetsa mavolti ofanana ngakhale ena ali odzaza kuposa anzawo. Kumaonekera kumapeto kokha, selo likadutsa pafupifupi 3.4, pamene mavolti amayamba kukwera msangamsanga. Choncho kuyeza maselo batire lili pa 60 peresenti n'kunena kuti ndi ofanana sikutsimikizira kanthu. Yezani kumapeto kwa kutchaja, ndipo ngati selo lokwera ndi lotsika akusiyana ndi mamilivolti oposa 100 pamenepo, mwapeza vuto lanu.

Pokonza, choyamba tsitsani mavolti a tchaja kufika pamene BMS sikudula, mwina 13.8, ndipo musiye batire pamenepo kwa maola angapo kuti BMS ichite ntchito yofananiza maselo. Pakapita masiku muzikweza pang'onopang'ono mpaka 14.0 kapena 14.2. Izi zimafuna kuleza mtima, chifukwa ma BMS ambiri amafananiza pochotsa mphamvu yochepa kwambiri pa selo lokwera, ndiponso amachita zimenezi maselo akakhala kumtunda kokha. Selo la 280Ah likapitirira anzake ndi 1 peresenti yokha, ndiye kuti pali 2.8Ah zofunika kuchotsa, ndipo BMS yochotsa 0.1 ya ampeya ingatenge maola 28 kuti imalize. Ngati batire munalimanga nokha ndi maselo ogula padera, ndipo kusiyanako ndi kwakukulu, ndi bwino kulimasula, kulumikiza maselo onse mophatikiza pozitivi ku pozitivi ndi negetivi ku negetivi, n'kuwatchaja pamodzi mpaka 3.65 ndi chipangizo chimene mavolti ake mwawaika ndi kuwayeza musanachilumikize. Selo limene limayamba kudzadza komanso limayamba kutha nthawi zonse ndi lofooka, ndipo kufananiza sikungalichiritse, limafunika kusintha.

Ine sindiona chifukwa chotchajira mpaka 14.6 tsiku ndi tsiku. Mphamvu imene mumapeza pakati pa 14.0 ndi 14.6 ndi yochepa kwambiri, pamene mpata woti BMS idule umakula. Pitani pa tchaja iliyonse imene ili m'boti, ya magetsi a padoko, ya sola ndi ya mphepo, ndipo muonetsetse kuti zonse zikugwirizana. Zimitsani equalisation, imene ndi ya mabatire a mtovu ndipo imakweza mavolti kupitirira 15. Zimitsaninso kusintha mavolti motsatira kutentha, chifukwa kukazizira tchaja imakweza mavolti, zimene lithium safuna. Float, yomwe ndi mavolti amene tchaja imasungapo batire likadzadza, ikhale 13.5 kapena kutsikirapo. Tchaja imodzi yoiwalika ndi yokwanira kubweretsa vuto lonseli, ndipo kawirikawiri imakhala ya sola yakale yobisika m'kabati.

Alternator ndiyo imalipira

Kudula kwa BMS injini ikulira ndi kumene kumawononga ndalama zambiri. Alternator, chipangizo cha pa injini chimene chimatchaja batire, ikamatulutsa maampeya ambiri, batire n'kuchotsedwa mwadzidzidzi, mphamvuyo imasowa kopita ndipo mavolti amalumpha kwambiri kwa kanthawi kochepa, kokwanira kupsereza ma diode a mu alternator ndi zipangizo zina zimene zili pa waya womwewo. Ngati magetsi atabwerera mukuona kuti injini sikutchajanso, kayikirani zimenezi poyamba.

Ngakhale BMS isadule, alternator imene inabwera ndi injini siinapangidwire lithium. Batire la mtovu limalandira maampeya ambiri kwa mphindi zochepa kenako limayamba kukana, ndipo alternator imapuma. La lithium limalandira chilichonse chimene lapatsidwa mpaka litatsala pang'ono kudzadza, kotero alternator imagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse kwa ola limodzi kapena awiri. Choipa kwambiri ndi chizolowezi choliza injini pang'onopang'ono boti lili pa nangula pofuna kutchaja, popeza chokupizira mphepo cha alternator chimazungulira mochedwa pamene kutentha kukukwera. Zizindikiro zake ndi fungo la waya wopsa m'chipinda cha injini, fumbi lakuda la lamba pa injini, ndi maampeya amene amayamba ambiri n'kutsika pakatha mphindi 15 batire lisanadzadze. Yezani kutentha kwa alternator ndi choyezera cholozera patali, ndipo ikamayandikira madigiri 100 dziwani kuti ikuvutika. Lamba mmodzi wa V nayenso amayamba kuterereka maampeya akamafika pafupifupi 100.

Njira zodalirika ndi ziwiri. Yosavuta ndi kusiya alternator ikutchaja batire la mtovu loliza injini monga kale, n'kuika tchaja ya DC-DC (yotchaja batire kuchokera ku batire lina), monga Orion ya Victron, pakati pa batirelo ndi la lithium. Tchajayi imakoka maampeya okhazikika, ndipo ndi bwino kusankha yosapitirira theka la mphamvu yolembedwa pa alternator. Ubwino wake ndi wakuti BMS ikadula, alternator imakhalabe yolumikizidwa ku batire la mtovu ndipo siipsa. Njira yachiwiri ndi ya amene akufuna kutchaja msanga, ndiyo kuika regulator ya kunja, chipangizo cholamulira mphamvu imene alternator ikutulutsa, monga za Balmar kapena Wakespeed, yokhala ndi choyezera kutentha chomangidwa pa alternator, komanso yolumikizidwa ku BMS kuti BMS iziyamba yaiuza kuti ileke kutulutsa mphamvu isanadule batire. Pa boti laling'ono limene limadalira kwambiri sola ndimalimbikitsa njira yoyamba, chifukwa ili ndi zinthu zochepa zoti zingalakwike ndipo imasiya batire loliza injini lili palokha.

Likazima mukangoyatsa chinthu chachikulu

Batire lililonse lokhala ndi BMS m'kati lili ndi malire a maampeya amene lingatulutse, ndipo pa mabatire ambiri a 100Ah malirewo ndi maampeya 100. Inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ya mawati 2000 ikamagwira ntchito ndi mphamvu zonse imakoka maampeya oposa 170, ndiye batire limodzi lotere silingaipirire. Makina okokera nangula amakoka kwambiri poyamba kuzungulira ndiponso nangula akakodwa pansi, ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene simufuna kuti magetsi athime. Ine makina amenewa ndimawasiya pa batire la mtovu, popeza amagwiritsidwa ntchito injini ikulira. Ngati batire likuzima pa mphindi imene mukulumikiza inveta, musanayatse chilichonse, chifukwa chake ndi ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) a mu inveta amene amameza mphamvu yambiri kamodzinkamodzi, ndipo BMS imaona ngati mawaya agundana. Mankhwala ake ndi resistor (kachipangizo kochepetsa maampeya) yodzadzira ma capacitor kwa masekondi ochepa musanayatse swichi yaikulu.

Mabatire akakhala awiri kapena atatu ophatikizidwa, onetsetsani kuti mawaya awo ndi ofanana kutalika ndi kunenepa, ndipo onse akukumana pa busbar, chitsulo chimodzi cholumikizirapo mawaya. Kupanda kutero, batire limene lili pafupi limanyamula katundu wambiri n'kuyamba kudula, katunduyo amagwera otsalawo, ndipo nawonso amadula motsatana.

Polumikizira mawaya pamabisala zambiri. Malo olumikizira amene ali ndi dzimbiri la mchere kapena nati yosamangitsa akhoza kukhala ndi kukana kochepa kwambiri, monga 0.001 ya ohm, koma maampeya 150 akamadutsa pamenepo pamatayika mamilivolti 150 ndipo pamatuluka kutentha kwa mawati oposa 22, pa kachitsulo kochepa ngati chikhadabo. Zikachitika pa selo, BMS imawerenga molakwa, n'kuona selo ngati latsika pamene mukukoka mphamvu ndi ngati lakwera pamene mukutchaja. Yatsani chinthu chokoka kwambiri, ikani mita pa mamilivolti, ndipo muyeze mbali ziwiri za malo aliwonse olumikizira. Pamene pakusiyana ndi anzake, masulani batire litazimitsidwa, pukutani, ndipo mumangenso ndi mphamvu imene wopanga analemba. Onaninso kuti washa wa chitsulo chosachita dzimbiri sanalowe pakati pa mutu wa waya ndi batire, chifukwa chitsulo chimenechi sichidutsa bwino magetsi. Pogwira ntchito imeneyi vulani wotchi ndi mphete, ndipo sipanala muikulunge ndi tepi.

Za kutentha ndi kuzizira nkhani yake ndi yaifupi. LiFePO4 siyenera kutchajidwa kuzizira kukafika pa madigiri 0 kapena kutsika, chifukwa lithium amamatirira m'kati mwa selo n'kuliwonongeratu, choncho BMS yabwino imakana tchaji pamenepo ngakhale ikulola kuti magetsi atuluke. Kutentha nakonso kumafupikitsa moyo wa batire, ndipo chipinda cha injini si malo ake.

Zoyenera kukhalapo kuti kudula kusakhale ngozi

Pamene mukufufuza, yang'anani fyuzi yaikulu. Batire la lithium likagundanitsidwa mawaya limatha kutulutsa maampeya masauzande ambiri, ndipo fyuzi wamba ikhoza kusungunuka koma moto n'kupitiriza kulumpha m'kati mwake. Fyuzi ya Class T imatha kudula mpaka maampeya 20,000, ndipo malamulo a bungwe la ABYC la ku America amati fyuzi ikhale pafupi ndi batire, mosapitirira mainchesi 7, omwe ndi pafupifupi masentimita 18. Bungwe lomweli linatulutsa malamulo a mabatire a lithium otchedwa E-13 m'chaka cha 2022, ndipo bungwe la miyezo la padziko lonse la ISO linatulutsa ISO/TS 23625 yokhudza maboti ang'onoang'ono m'chaka cha 2021. Ndi bwino kuwadziwa, popeza woyendera boti kapena kampani ya inshuwalansi akhoza kukufunsani za iwo.

Kuchokera usiku uja ndinaika zinthu ziwiri zimene ndimaona kuti boti lililonse loyenda usiku liyenera kukhala nazo. Choyamba ndi belu limene limalira selo likamayandikira malire, mwachitsanzo likatsika pa mavolti 3.0, kuti munthu akhale ndi mphindi zoti alize injini kapena azimitse furiji BMS isanadule. Chachiwiri ndi swichi yosamutsira wailesi, nyali za panyanja ndi pampu yotulutsa madzi ku batire la mtovu. Swichi imeneyi ikhale pamalo oti munthu angaipeze mu mdima ndi dzanja limodzi, ndipo aliyense wa m'boti aidziwe.

Batire likazima chifukwa chotheratu, tchaja zina zimakana kuyamba popeza siziona mavolti alionse pa waya. Zimitsani zinthu zonse zokoka mphamvu, dikirani mphindi zingapo kuti maselo akwereko okha, kenako mugwiritse ntchito tchaja yokhoza kudzutsa batire la lithium kapena batani lodzutsira la BMS ngati lilipo. Yambani ndi maampeya ochepa uku mukuyang'ana maselo onse anayi. Selo limene latsikiratu pansi pa mavolti 2.0 n'kukhala choncho kwa nthawi yaitali, kapena limene latupa, musalitchajenso m'boti.

Kutheratu kotereku kumachitika kwambiri boti likasiyidwa padoko kwa miyezi, chifukwa BMS, mita ndi timagetsi tina timadya pang'onopang'ono popanda wotiona. Musalisiyenso lodzadza ndi tchaja yoyaka, popeza lithium amakalamba msanga akakhala pa 100 peresenti nthawi yaitali, makamaka kukamatentha. Musanachoke, tsitsani batire kufika pafupifupi 50 peresenti, zimitsani sola mbali ya mapanelo musanadule batire, zimitsani swichi yaikulu, ndipo muyeze ndi mita ngati pali kanthu kamene kakukokabe. Pampu yotulutsa madzi isiyeni pa batire la mtovu lokhala ndi kapanelo kake ka sola. Lembani mavolti a maselo anayiwo ndi deti papepala n'kulimata pa chivundikiro cha batire, kuti mukadzabwera mudzafanizire ndi zimene mudzapeze musanayatse tchaja.